Ukaona Ngozi pa Nchito, Adzabwera Ndani? Mbiri ya Kuitana Thandizo ku Kafue

Tiyerekeze kuti ndi Lacisanu la kumapeto kwa mwezi. Mtsikana wa ku Shikoswe, amene wangoyamba kumene nchito pa kaofesi kobwereketsa ndalama m'tauni ya Kafue, watsala yekha pa kauntala. Abwana apita ku banki, mnzake ali m'cipinda ca kumbuyo, malonda ali panja aceza ndi anyamata a mabasi. Walowa bambo wina maso ali psuu, akuti amudula ndalama kawiri pa malipiro ake. Wayamba ndi kufunsa, kenaka kutukwana, ndipo tsopano watseka citseko. Mtsikanayo akagwira foni, bamboyo aona. Akakuwa, mwina ndiye kuputa zoopsa. Manja ake ali pa kiyibodi.

Pali mapulogalamu a pa kompyuta amene anapangidwira mphindi ngati imeneyi. Munthu amangodina mabatani awiri kapena atatu mwakacetecete, ndipo uthenga wopempha thandizo umatulukira pa makompyuta a anzake onse. Ambiri timaona ngati ndi zinthu zatsopano za kunja. Koma funso limene pulogalamuyo ifuna kuyankha ndi lakale kuposa tauni ya Kafue: ukaona ngozi pa nchito, umawadziwitsa bwanji anzako, ndipo adzabwera ndani? Tauni ino yayankha funso limeneli m'njira zosiyanasiyana kwa zaka zoposa 100, ndipo mayankho akalewo ali ndi zotiuza tisanathamangire kugula batani.

Mkuwo ndi wezulo wa sitima

Njanji isanafike, dera lino linali la alimi, asodzi ndi oweta ng'ombe: Asoli cakumpoto, Agoba kumunsi ku Chiawa, Atonga ndi Aila kutsidya ndi m'madambo a mtsinje wa Kafue. Nchito inali kumunda, kubusa ndi m'bwato, ndipo ngozi zake zinali ng'ona, mvuu, moto wolusa ndi adani. Cida coitanira thandizo cinali pakamwa. Munthu anali kukuwa, womva naye n'kukuwa, mpaka mudzi wonse watuluka ndi mikondo ndi nkhwangwa. Cimene cinali kupatsa mkuwo mphamvu sicinali kukula kwa mawu. Unali mwambo wakuti womva mkuwo sakhala pansi. Amene anali kubisala m'nyumba anali kudziwa kuti tsiku lake likadzafika, nayenso adzakuwa yekha. Paja akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Mu 1905 anamaliza ulalo wa njanji wa ku Victoria Falls, ndipo mu 1906 kampani ya Pauling inamanga ulalo wina pa mtsinje wa Kafue, wa zigawo 13 zacitsulo, wotalika mamita oposa 400. Caka comweco njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Tauni ya Kafue inamera mozungulira siteshoni. Sitima ya malasha inabweretsa nchito ya malipiro, komanso ngozi zimene mkuwo wa munthu sukanatha kuziimitsa. Sitima yolemera siima cifukwa wina wakuwa m'mbali mwa njanji. Conco panabwera zizindikiro zogwirizana: wezulo wa injini, mbendera yofiira masana, nyali usiku, ndi uthenga wa pa waya kucoka pa siteshoni ina kupita pa inzake. Kwa nthawi yoyamba cenjezo linayamba kuthamanga kuposa miyendo ya munthu. Ngakhale cidutswa ca njanji yakutha cinapeza nchito. Anali kucipacika pa mtengo m'masukulu ndi m'mafamu, ndipo cikalira mothamanga pa nthawi yosayenera, aliyense anali kudziwa kuti kwagwa zina.

Nzeru yotumiza cenjezo pa waya inali itayamba kale kutsidya kwa nyanja. Mu 1852 mzinda wa Boston ku America unaika timabokosi m'misewu, motsatira nzeru za William Channing ndi Moses Farmer. Munthu akaona moto anali kupukusa cogwirira ca kabokosi, ndipo uthenga unali kufika ku ofesi imodzi ya pakati. Mu 1853 Augustus Pope analembetsa belu la magetsi lolira mbala ikatsegula citseko kapena zenera, ndipo mu 1857 Edwin Holmes anagula nzeruyo n'kuisandutsa bizinesi. Anthu amakonda kukumbukira kabokosi ndi belu. Koma cacikulu cimene Boston inacita cinali kuika munthu pa mpando usana ndi usiku, amene nchito yake inali kungodikira uthengawo ndi kutumiza ozima moto. Popanda munthu ameneyo, kabokosi kakanangokhala cokongoletsa msewu.

Tauni ya mafakitale

Kafue amene makolo athu amasimba anabadwa pambuyo pa ufulu. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia popanda cilolezo ca Britain, ndipo Zambia, imene inali kudalira njira ya kumwera pa malasha, magetsi ndi katundu wambiri, inapezeka pa mpanipani. Boma la Kenneth Kaunda linaganiza zoyamba kudzipangira zinthu. Mu April 1968 ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo bungwe la INDECO ndilo linasenza nchito yomanga ndi kuyendetsa mafakitale. Kafue anali ndi zonse zofunika: madzi a mtsinje, njanji, msewu waukulu, ndiponso anali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 cabe kucoka ku Lusaka.

M'zaka zocepa, malo amene anali siteshoni ndi timasitolo anasanduka tauni ya zimbudzi za utsi ndi mashifiti. Kafue Textiles inayamba kuluka nsalu ndi zitenge. Nitrogen Chemicals of Zambia, yomangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel, inatsegulidwa mu 1970. Kumunsi kwa mtsinje, kampani ya ku Yugoslavia ya Energoprojekt inali kumanga malo opangira magetsi a Kafue Gorge, amene anayamba kupereka magetsi mu 1971. Anchito anafunika nyumba, ndipo ndiye ciyambi ca Kafue Estates, imene mapulani ake anajambulidwa ndi kampani ya Mgiriki wina wodziwa za mizinda, Constantinos Doxiadis. Anthu anabwera kucokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama ndi ku Copperbelt, ndipo Cinyanja ca m'tauni ndico cinawalumikiza.

Nchito zimenezi zinali zabwino, koma sizinali zamasewera. Ku fakitale ya nsalu kuli malamba othamanga, phokoso logonthetsa ndi fumbi la thonje limene limagwira moto msanga. Ku Nitrogen anali kupanga amoniya kucokera ku malasha a ku Maamba, n'kupanganso ammonium nitrate, mankhwala amene amapita ku feteleza ndi ku zophulitsira miyala m'migodi. Amoniya akatuluka m'paipi amaocha maso ndi mapapo. Za ammonium nitrate, amene anaona zithunzi za ku Beirut pa 4 August 2020 adziwa: matani pafupifupi 2,750 amene anasungidwa mosasamala pa doko anaphulika n'kupha anthu oposa 200. Boma la Zambia linali litakhazikitsa kale lamulo la Factories Act mu 1966, lokamba za kuchinga makina, njira zothawira moto ndi oyendera mafakitale. Pa nthawiyo mdani wa wanchito anali kudziwika bwino: makina, moto ndi mpweya woipa.

Mdani wotere amafuna cenjezo laphokoso, ndipo m'mafakitale aakulu cenjezo limenelo ndi sailini ndi belu la moto. Sailini ilibe tsankho. Imamveka kwa manejala ndi kwa wosesa pa nthawi imodzi, ndipo imadumpha mpanda n'kufika kwa amayi amene ali kuphika ku komboni. Koma nayonso siigwira nchito yokha. Kuseri kwake kumakhala kapitawo wa shifiti amene adziwa maina a anthu ake, malo osonkhanirapo, kuyeseza kuthawa moto, kiliniki ya kampani ndi bungwe la anchito lotha kufunsa mafunso ngozi ikacitika. Munthu wa pa shifiti sanali kukhala yekha. Akagwa, panali maso makumi angapo omuona. Ici ndico cinali citetezo ceniceni ca m'badwo umenewo, ngakhale kuti iwo sanali kucichula conco.

Tisaganize kuti kale zonse zinali bwino. Caka cimene Nitrogen inatsegulidwa ndi caka cimenenso dziko lino linalira maliro aakulu a pa nchito. Pa 25 September 1970, matope a zotsalira za mgodi anagumukira pansi pa mgodi wa Mufulira n'kupha anthu 89. Kucokera kumeneko tinaphunzira kuti pali ngozi zina zimene zikayamba, cenjezo limakhala litacedwa kale, ndipo mankhwala ake ndi kumvera zizindikiro zoyamba. Phunziro lina linacokera ku Bhopal ku India, usiku wa pa 2 kucezera pa 3 December 1984. Mpweya wa poizoni unatuluka m'fakitale ya Union Carbide n'kupha anthu masauzande ambiri, ambiri a iwo okhala m'makomboni oyandikana ndi fakitaleyo. Sailini yocenjeza anthu a kunja inalipo. Inalira pang'ono, kenaka anaizimitsa, cifukwa cizolowezi ca pamalopo cinali cakuti asamaopseze anthu. Cipangizo cinalipo, koma amene anali ndi mphamvu pa ico anasankha kuti cikhale cete.

Mafakitale atagwada

Mtengo wa kopa utagwa capakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zogulira zitsulo zosinthira makina zinayamba kusowa. Mafakitale a boma anapitiriza kuyenda, koma motsimphina. Mu October 1991 Frederick Chiluba ndi MMD anapambana masankho, ndipo mu 1992 kunabwera lamulo logulitsa makampani a boma pamodzi ndi bungwe la Zambia Privatisation Agency. Malire anatseguka, salaula ndi nsalu zochipa za kunja zinadzaza misika, ndipo Kafue Textiles inalephera kupikisana nazo mpaka makina ake anazima. Nitrogen inatsala m'manja mwa boma, koma kwa zaka zambiri inali kugwira nchito pang'ono poyerekeza ndi kale. Mabanja ambiri a ku Estates anayamba kudikira ndalama za penshoni zimene zinali kucedwa kubwera.

Nchito siinathe ku Kafue, koma inamwazikana. Pambuyo pake kunabwera fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries ndi makampani ena, koma ana ambiri a anthu a mashifiti aja anapezeka kwina: m'tuntemba, m'masitolo, m'maloji a m'mbali mwa mtsinje, m'mafilingi siteshoni a pa msewu wa ku Livingstone ndi Chirundu, m'maofesi a ngongole, m'malo obechera mpira, ndi m'tumabuthu twa Airtel Money ndi MTN. M'malo mwa anthu mazana pansi pa denga limodzi, tsopano ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndalama zili m'kabati, citseko cili cotsegukira aliyense. Mdani nayenso anasintha nkhope. Si lamba wa makina ayi, koma munthu: kawalala, kasitomala wolusa, woledzera, wacibale wa wodwala amene wakwiyira namwino usiku, ndipo nthawi zina bwana weniweniyo amene watsekera mtsikana mu ofesi. Kali kokha n'kanyama, ndipo m'badwo uno ndiwo uudziwa bwino mwambi umenewu.

Yankho loyamba la nthawi imeneyo linali zitsulo pa mazenera, mipanda yaitali ndi malonda. Makampani a zacitetezo anaculuka, ndipo ena anayamba kuika batani pa khoma kapena pansi pa tebulo, loti ukadina galimoto ya alonda inyamuke. Apa panaoneka kusiyana kwakukulu ndi masiku a sailini. Sailini inali kucenjeza aliyense kwaulere, pamene batani la kampani limayankhidwa kwa amene walipira mwezi umenewo. A m'makomboni anabwerera ku njira yakale: magulu olondera usiku, mawezulo, ndi kumenya mapoto kuti oyandikana nawo adzuke.

Batani losamveka

Ngozi ikakhala munthu amene waima patsogolo pako, phokoso lingathe kukuphetsa. Mabanki anazindikira zimenezi kalekale, n'cifukwa cake anayamba kubisa batani pansi pa kauntala, loitana thandizo popanda wacifwamba kudziwa. Kwa nthawi yaitali batani lotere linali kuteteza ndalama koposa munthu. Kusintha kwina kunacokera kwa amayi oyeretsa zipinda m'mahotela. Mu May 2011, mayi wina wocokera ku Guinea wogwira nchito pa hotela ya Sofitel ku New York anadandaula kuti Dominique Strauss-Kahn, amene anali mkulu wa IMF, anamugwirira m'cipinda. Mlandu wa boma unathetsedwa mu August caka comweco, koma nkhaniyo inatsegula pakamwa anchito ambiri a m'mahotela. Mu 2012 bungwe lawo ku New York linagwirizana ndi eni mahotela kuti oyeretsa zipinda azipatsidwa timabatani toyenda nato. Mzinda wa Seattle unavotera lamulo lotere mu 2016, Chicago mu 2017, ndipo boma la New Jersey linatsatira mu 2019. Taonani kuti sanali ogulitsa zipangizo amene anayambitsa zimenezi. Anali anchito ogwirizana.

Batani la pa kompyuta ndi mdzukulu wa mabatani amenewa. Popeza m'maofesi, m'zipatala ndi m'masukulu ambiri munthu amakhala kale pa kompyuta, opanga mapulogalamu anaona kuti palibe cifukwa cokokera mawaya atsopano. Kapulogalamu kakang'ono kamaikidwa pa kompyuta iliyonse ndipo kamangokhala phee. Pakagwa vuto, munthu amadina mabatani amene anagwirizana, kapena kacizindikiro ka pakona pa sikirini, kapena batani lenileni lolumikizidwa pa USB n'kubisidwa pansi pa tebulo. Pa sikirini yake sipaoneka ciliconse coti wolusayo angakayikire. Koma pa makompyuta a anzake pamatulukira uthenga wonena dzina la woitana ndi cipinda cimene ali. Mapulogalamu ena amatumizanso uthenga pa foni ya malonda kapena ya abwana, amaonetsa amene wavomera kuti ali kubwera, ndipo amasunga nthawi imene zonsezi zacitika. Ena amayenda pa netiweki ya mu ofesi momwemo, ena amadalira intaneti.

Tingati ndi mkuwo uja wa kumudzi, koma wonong'ona. Ubwino wake ndi woonekeratu. Kawirikawiri cimene cimathetsa mkangano pa kauntala si mfuti kapena ndodo, koma munthu waciwiri amene walowa n'kunena modekha kuti, "Atate, tiyeni tikhale pansi tione vuto lanu." Mbiri yosungidwayo imathandizanso wanchito amene abwana ake amakonda kunena kuti palibe cimene cinacitika.

Zimene wogulitsa sangakuuzeni

Coyamba ndi malaiti. Kafue ali pafupi ndi malo awiri aakulu opangira magetsi, Kafue Gorge yakale ija ndi Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 imene Sinohydro inamanga, yotsegulidwa yonse mu 2023. Koma mu 2024 cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September madera ambiri anali kukhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Kompyuta ya pa tebulo ikazima, batani lake lazimanso, ndipo nthawi ya mdima ndiyo imene akawalala amaikonda. Ofesi imene ifuna pulogalamu yotere iyenera kuyamba yaganiza za batire kapena sola, ndi kusankha pulogalamu yotha kugwira nchito ngakhale intaneti itaduka.

Caciwiri, anchito amene ali pa ngozi yaikulu ndi amene alibe kompyuta. Mtsikana wa m'buthu ya ndalama, mnyamata wothira mafuta usiku, woyeretsa zipinda pa loji ndi malonda amene, onsewa sakhala pa desiki. Kwa iwo cothandiza ndi foni ya m'thumba, wezulo, kapena mawu obisika amene agwirizana ndi woyandikana naye. A m'mabuthu oyandikana angapangane kuti wina akafuula kuti, "Kodi amalume afika?" ndiye kuti zinthu zavuta. Pulogalamu imene iteteza a mu ofesi okha n'kusiya a panja yangobwereza tsankho lija la batani la olipira.

Cacitatu ndi cenjezo labodza, ndipo apa tili ndi bala limene likali laliwisi. Kumapeto kwa 2019 ku Chingola kunayamba mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba za anzawo usiku. Pofika February 2020 mantha anali atafika ku Lusaka ndi m'zigawo zina, mpaka boma linatulutsa asilikali m'misewu. Mauthenga anali kuuluka pa WhatsApp ndi pa Facebook, mawezulo anali kulira usiku wonse, ndipo magulu a anthu olusa anapha anthu makumi angapo pongowaganizira. Ena anali alendo ongodutsa, ena okalamba, ena odwala misala. Mkuwo unagwira nchito, anthu anabweradi, koma panalibe pangano la zoyenera kucita akafika. Batani la pa kompyuta lingacite cimodzimodzi pang'onopang'ono. Likamadinidwa mwamasewera, anthu amaleka kulilabadira. Likamaitana gulu lobwera ndi ukali, kasitomala amene anangokweza mawu angavulazidwe.

Cacinayi, pulogalamu imene idziwa pamene wakhala ndi nthawi imene uli pa kompyuta ingasanduke diso la abwana. Zambia ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, ndipo wanchito ali ndi cifukwa cofunsira kuti pulogalamuyo isunga ciyani za iye, ndipo amaziona ndani. Funso lina ndi lakuti uthenga upita kwa yani. Ngati upita kwa abwana okha, nanga tsiku limene woopsayo ndi abwanawo?

Pangano lisanabwere batani

Malamulo a dziko lino anayenda ulendo wofanana ndi wa tauni ya Kafue, kucoka pa makina kufika pa munthu. Pambuyo pa Factories Act ya 1966 kunabwera Workers' Compensation Act ya 1999, yokamba za cipukuta misozi kwa wovulala pa nchito. Mu April 2005 fakitale ya zophulitsira miyala ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika n'kupha anchito oposa 40, ndipo dziko linakambanso kwambiri za moyo wa wanchito. Mu 2010 kunabwera Occupational Health and Safety Act, imene inalamula kuti malo alionse a anchito 10 kapena kuposerapo akhale ndi komiti ya zaumoyo ndi citetezo, yokhala ndi oimira abwana ndi oimira anchito. Employment Code Act ya 2019 inaonjezera kuti olemba nchito akhale ndi ndondomeko yolembedwa yokhudza nkhanza ndi kuvutitsana pa nchito. Caka comweco ku Geneva, bungwe la ILO linavomereza pangano la nambala 190, lonena kuti ciwawa ndi nkhanza pa nchito ndi nkhani ya ufulu wa munthu.

Komiti ija ndiyo malo oyambira, osati sitolo ya makompyuta. Ngati pa nchito panu mulipo ocepa, khalani pansi ngakhale pa nthawi ya cakudya ca masana mufunsane mafunso amene a ku Boston anayankha mu 1852. Wina akaitana, woyamba kunyamuka ndani? Ngati iyeyo kulibe, waciwiri ndani? Wofikayo acite ciyani, alowe kapena ayambe waona pa zenera? Ndani aimbe 991 kuitana apolisi, kapena 993 kukakhala moto, ndipo nambala ya polisi ya pafupi ili m'foni ya yani? Malaiti akapita, tidzagwiritsa nchito ciyani? Kodi munthu amene waitana thandizo koma n'kupezeka kuti panalibe coopsa adzadzudzulidwa? Ngati adzadzudzulidwa, dziwani kuti tsiku la ngozi yeniyeni adzazengereza. Mukagwirizana, yesezani kamodzi pa miyezi ingapo, monga mmene mafakitale amayesezera kuthawa moto. Pamenepo ndiye mungaone ngati mufunika pulogalamu, belu la batire, kapena wezulo wa pa msika.

Tibwerere kwa mtsikana wa ku Shikoswe uja. Tinene kuti ofesi yake inagula pulogalamu yabwino, ndipo wadina mabatani aja bamboyo osaona. Uthenga watulukira pa kompyuta ya m'cipinda ca kumbuyo. Ngati mnzakeyo sanauzidwepo tanthauzo lake, adzautseka monga mmene timatsekera mauthenga onse osokoneza pa sikirini, n'kupitiriza kudya. Ngati anakhalapo pansi n'kupangana, adzaimbira malonda, adzagogoda pa citseko ndi kulowa ngati wabwera kudzatenga faelo. Agogo ake a mtsikanayu, ngati anagwirapo nchito ku Textiles kapena ku Nitrogen, sanaonepo pulogalamu yotere, koma angamufunse funso loyenera asanapite ku nchito Lolemba: "Mwana wanga, kumeneko ukaitana, amabwera ndani?" Ngati inunso simungayankhe funso limeneli pochula dzina la munthu, kambani ndi anzanu a pa nchito sabata ino.